Mkwiyo wa Anthu pa Mabodi a Sukulu ku United States: Magwero Ake ndi Zimene Chisankho Chimasintha

M'dziko la United States sukulu zaboma siziyendetsedwa ndi unduna umodzi wokhala kulikulu la dziko, koma ndi mabodi a sukulu, omwe ndi timagulu ta anthu asanu, asanu ndi awiri kapena asanu ndi anayi, ndipo ambiri mwa mabodiwa amasankhidwa ndi anthu okhala m'dera limene muli sukuluzo. Madera a sukulu otere alipo pafupifupi 13,000, ena a ana mazana ochepa chabe, ena a ana zikwi mazanamazana monga Los Angeles. Misonkhano ya mabodi, yomwe miyezi yambiri imachitika mipando ili mbee, imadzaza chisankho chikamayandikira, ndipo makolo, aphunzitsi ndi okhoma msonkho amakhala pamzere kudikira mphindi ziwiri kapena zitatu zimene aliyense amapatsidwa kuti anene zakukhosi. Mkwiyo umene umamveka m'misonkhanoyi uli ndi zifukwa zenizeni, komabe mbiri ikusonyeza kuti voti imene mkwiyowo umabala imasintha msanga zinthu zina, pamene zina siizigwedeza nkomwe, ndipo kusiyana kumeneku kumachokera m'mene dongosolo lonse linamangidwira.

Mphamvu za bodi ndi malire ake

Dongosololi linayambira ku Massachusetts, kumene m'chaka cha 1647 atsamunda ochokera ku England anakhazikitsa lamulo lakuti mudzi uliwonse wa mabanja 50 ulembe mphunzitsi wophunzitsa ana kuwerenga ndi kulemba, ndipo mu 1826 chigawo chomwecho chinalamula kuti tauni iliyonse izisankha komiti yapadera yoyang'anira sukulu zake. Malamulo aakulu oyendetsera dziko la United States satchula maphunziro, ndipo popeza kusintha kwachikhumi kwa malamulowa, komwe kunavomerezedwa mu 1791, kumasiyira zigawo ndi anthu mphamvu zonse zimene sizinaperekedwe ku boma la ku Washington, udindo wa maphunziro unagwera zigawo, zomwe tsopano zilipo 50. Zigawozo ndi zimene zinapatsira mabodi gawo lina la udindowo, kotero kuti pamaso pa lamulo bodi ndi nthambi ya boma la chigawo, ngakhale kuti oisankha amaiona ngati yawo.

Ntchito zazikulu za bodi ndi kulemba ndi kuchotsa mkulu woyendetsa sukulu zonse za m'dera, kuvomereza bajeti, kusainirana mgwirizano wa malipiro ndi bungwe la aphunzitsi, kudula malire osonyeza sukulu imene ana a m'makwalala akutiakuti azipitako, kutsegula ndi kutseka sukulu, komanso kusankha mabuku motsatira mfundo zimene chigawo chaika. Mamembala ambiri salipidwa kapena amalandira kangachepe, moti amagwira ntchitoyi madzulo ataweruka kuntchito zawo. Owerenga a ku Malawi asafanizire bodi yotereyi ndi komiti ya sukulu kapena bungwe la makolo ndi aphunzitsi, pakuti makomiti a ku Malawi amayang'anira sukulu imodzi, amatsogolera chitukuko ndi kulondoloza ndalama zimene sukuluyo yalandira, pamene silabasi imakonzedwa ndi Malawi Institute of Education ku Domasi, mayeso amayendetsedwa ndi MANEB, ndipo aphunzitsi amalembedwa ndi boma. Bodi ya ku United States ili ndi mphamvu zoposa pamenepo kutalitali, chifukwa chake ndiyo imalandiranso mlandu wonse zinthu zikasokonekera.

Malire a mphamvuzi amaonekera kwambiri pa ndalama. Boma la ku Washington limapereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a ndalama za sukulu, ndipo zotsalazo zimachokera ku boma la chigawo ndi ku msonkho wa m'dera momwemo, makamaka msonkho wa nyumba ndi malo, womwe umawerengedwa potengera mtengo wa katunduyo. Motero dera la nyumba zodula limatolera ndalama zambiri mosavuta, pamene dera losauka limakhometsa anthu ake kwambiri koma n'kupeza zochepa, ndipo mu 1973, pa mlandu wa San Antonio ndi Rodriguez, khoti lalikulu la dzikolo linagamula kuti kusiyana kumeneku sikuphwanya malamulo aakulu a dziko. Chinanso n'chakuti cha m'ma 1940 madera a sukulu anali oposa 100,000, koma anaphatikizidwa pang'onopang'ono mpaka kutsala chiwerengero cha lero, kotero kuti membala wa bodi, amene kale anali mnansi wodziwika ndi aliyense, tsopano amaimira anthu zikwizikwi amene sanamuonepo.

Zimene zimautsa mkwiyo

Madandaulo amene amabwera chisankho chisanachitike amagwa m'magulu angapo amene akhala akubwerezabwereza kwa zaka zambiri. Gulu loyamba ndi la ndalama, ndipo pano anthu amakwiya mbali ziwiri zotsutsana: okalamba ndi ena opanda ana pasukulu amadandaula kuti msonkho wa nyumba ukukwera chaka ndi chaka, pamene makolo amadandaula kuti makalasi adzaza ndiponso kuti sukulu ya pafupi ndi kwawo ikutsekedwa. Kutseka sukulu ndiko kumapweteka koposa, monga zinaonekera ku Chicago mu 2013, pamene bodi yosankhidwa ndi meya Rahm Emanuel inatseka sukulu pafupifupi 50 nthawi imodzi, zambiri mwa izo za m'madera a anthu akuda kumwera ndi kumadzulo kwa mzindawo.

Gulu lachiwiri likukhudza funso lakuti mwana uti aphunzire kuti komanso ndi yani. Mlandu wa Brown wa mu 1954, umene unaletsa tsankho la mtundu m'sukulu zaboma, unali wosumira bodi ya sukulu ya ku Topeka, ndipo zaka 20 pambuyo pake woweruza W. Arthur Garrity anapeza kuti komiti ya sukulu ya ku Boston inkalekanitsa dala ana akuda ndi azungu, nalamula kuti ana azitengedwa pabasi kupita ku sukulu za madera ena, chinthu chimene chinadzetsa ziwawa ku South Boston. Gulu lachitatu ndi la zimene ana akuphunzitsidwa. M'chaka chomwecho cha 1974, mkangano wa mabuku oposa 300 amene bodi ya Kanawha County ku West Virginia inavomereza unachititsa makolo kuletsa ana awo kupita kusukulu, anthu a m'migodi ya malasha kunyanyala ntchito, ndi ena kuphulitsa nyumba za sukulu ndi mabomba. Ku Dover, m'chigawo cha Pennsylvania, bodi inalamula kuti ana a sayansi aziwerengeredwa mawu okayikitsa chiphunzitso cha Darwin ndi kuwalozera ku ganizo lakuti zamoyo zinachita kukonzedwa ndi wanzeru wina, ndipo mu Novembala 2005 mamembala onse asanu ndi atatu amene anaimanso pachisankho anagwa, khoti lisanagamule mu Disembala kuti lamulo la bodiyo linali lolowetsa chipembedzo m'sukulu zaboma.

Pansi pa magulu onsewa pali dandaulo lina limene limamveka paliponse, lakuti bodi sikumva. Malamulo a zigawo amakakamiza mabodi kukambirana ndi kugamula nkhani poyera, monga lamulo la Brown la ku California la mu 1953, lomwe limafuna kuti mitu ya msonkhano ilengezedwe pasadakhale, koma mwambo wa misonkhanoyo ndi wakuti mamembala amamvetsera olankhula osawayankha, kenako n'kuponya voti pa mfundo imene ogwira ntchito anaikonza kale. Munthu amene wasiya ana kunyumba, nadikira maola anayi kuti alankhule mphindi ziwiri, amachoka ndi maganizo akuti nkhani inatha iye asanafike.

Chitsanzo cha San Francisco

Nkhani ya ku San Francisco ikuphatikiza pafupifupi zonsezi. Sukulu za mzindawo, zomwe zinali ndi ana pafupifupi 50,000, zinatsekedwa mu Malichi 2020 chifukwa cha mliri wa Covid-19, ndipo zinakhala zotseka nthawi yaitali kuposa za m'mizinda yambiri, moti ana aang'ono anayamba kubwerera mu Epulo 2021 ndipo ambiri a sekondale anadikira mpaka Ogasiti. Mu Januwale 2021, ana akadali kunyumba, bodi inagwirizana ndi mavoti asanu ndi limodzi motsutsana ndi imodzi kuti isinthe mayina a sukulu 44, kuphatikizapo zotchedwa George Washington, Abraham Lincoln ndi Dianne Feinstein, ponena kuti anthuwa anakhudzidwa ndi ukapolo, tsankho kapena nkhanza kwa eni nthaka, ndipo posakhalitsa zinadziwika kuti komiti imene inakonza mndandandawo inalakwitsa mbiri ya ena mwa mayinawo. Mwezi wotsatira bodi inagamula kuti sukulu yotchuka ya Lowell ileke kusankha ana potengera mmene akhozera, m'malo mwake izichita maere, pofuna kuti ana akuda ndi a mabanja ochokera ku Latin America azilowamo ochuluka. Mabanja ambiri a mtundu wa Chitchaina, omwe ana awo anali ochuluka pa Lowell, anaona chigamulochi ngati chowachotsera chimene anachivutikira. M'mwezi womwewo loya wa mzinda, Dennis Herrera, anasumira bodiyo kuti itsegule sukulu, mu Malichi munatulukira mawu amene wachiwiri kwa wapampando, Alison Collins, analemba pa Twitter mu 2016 onyoza anthu ochokera ku Asia, ndipo anzake atamuchotsa paudindowo iye anawasumira pamodzi ndi dera la sukulu pofuna madola 87 miliyoni, mlandu umene woweruza anautaya. Zonsezi zinkachitika bajeti ili ndi dzenje la madola pafupifupi 125 miliyoni.

Malamulo a California amalola anthu kuchotsa wosankhidwa nthawi yake isanathe, ngati apeza anthu okwanira osainira pempho loitanitsa chisankho chapadera, mofanana ndi mphamvu imene Gawo 64 la malamulo oyendetsera dziko la Malawi linapereka kwa ovota mu 1994 aphungu asanalichotse mu 1995. Ku San Francisco pankafunika anthu oposa 51,000 osainira pa membala aliyense, ndipo mamembala atatu okha mwa asanu ndi awiri ndi amene akanatha kuchotsedwa, popeza enawo anali asanakwanitse miyezi isanu ndi umodzi pampando pamene ntchitoyi inkayamba. Pa 15 Febuluwale 2022 ovota pafupifupi 76 mwa 100 alionse anavomereza kuchotsa Collins, 72 kuchotsa wapampando Gabriela López, ndi 69 kuchotsa Faauuga Moliga. Mumzinda umene pafupifupi andale onse ndi a chipani cha Democratic, chigamulochi sichinali cha chipani china kugonjetsa chinzake, ndipo mawu amene ochirikiza kuchotsaku ankabwereza anali akuti bodi inaika mayina a nyumba patsogolo pa ana. Otsutsa nawo anali ndi mfundo zawo: ankati chisankho chanthawi zonse chinali pafupi mu Novembala, kuti ndalama za kampeni, zomwe zinayandikira madola 2 miliyoni, zinachokera kwambiri kwa anthu olemera monga Arthur Rock, ndiponso kuti mipando itatuyo idzadzazidwa ndi meya London Breed m'malo mwa ovota.

Zotsatira zake ndi zimene zikuphunzitsa zambiri. Mu Juni 2022 bodi yatsopano inabwezeretsa kasankhidwe kakale pa Lowell ndi mavoti anayi motsutsana ndi atatu, ndipo za mayina zinali zitaimitsidwa kale mu Epulo 2021. Koma chiwerengero cha ana chinapitirira kutsika, makina atsopano okonzera malipiro anasokoneza malipiro a aphunzitsi ambiri kwa miyezi, mu 2024 boma la California linakhwimitsa kuyang'anira chuma cha deralo, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho mkulu woyendetsa sukulu, Matt Wayne, anatula pansi udindo anthu atakana dongosolo lake lotseka sukulu zina. Mmodzi mwa atatu amene meya anawaika, Ann Hsu, anagwa pachisankho cha Novembala 2022 atalemba mawu okhumudwitsa makolo a ana akuda ndi a mabanja ochokera ku Latin America. Voti inasintha zimene bodi imatha kusintha pokweza manja usiku umodzi, koma za ndalama ndi kuchepa kwa ana zinadikira bodi yatsopanoyo pamalo pomwe yakale inazisiya.

Amene amaponya voti

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, anthu ofuna kuchotsa ndale za zipani m'sukulu anakonza zoti zisankho za mabodi zizichitika tsiku losiyana ndi zisankho zazikulu komanso kuti chipani cha wopikisana chisamalembedwe papepala loponyera voti. Cholinga chinali chabwino, koma mapeto ake ndi akuti m'madera ambiri amene amavota mu Epulo kapena Meyi, ovota amakhala ochepa kwambiri, nthawi zina osafika khumi mwa 100 alionse, ndipo mipando yambiri imapita kwa munthu wopanda wopikisana naye. Ngakhale ku San Francisco, kumene nkhani inamveka dziko lonse, anavota ndi anthu ongopitirira pang'ono gawo limodzi mwa magawo atatu a olembetsa. Katswiri wa zandale Sarah Anzia, m'buku lake la mu 2014 lotchedwa Timing and Turnout, anasonyeza kuti zisankho za tsiku lapadera zimapindulira magulu okonzeka bwino, makamaka mabungwe a aphunzitsi, chifukwa mamembala awo amavota ndithu pamene ena sakudziwa nkomwe kuti kuli chisankho. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo pa nkhani ya sukulu womva m'mimba nthawi zonse ndi amene malipiro ake, msonkho wake kapena chikhulupiriro chake chakhudzidwa mwachindunji.

Kafukufuku wa Vladimir Kogan, Stéphane Lavertu ndi Zachary Peskowitz, wofalitsidwa mu 2021, anapeza kuti m'zigawo zimene anazifufuza ovota ambiri pa zisankho za mabodi alibe ana pasukulu, ndiponso kuti ndi azungu ndi opeza bwino kuposa mabanja a ana amene ali m'makalasimo. Christopher Berry ndi William Howell, atafufuza zisankho za ku South Carolina, anapeza kuti mu 2000 ovota analanga mamembala a madera amene ana sanakhoze bwino mayeso, pa nthawi imene manyuzipepala ankalemba kwambiri za zotsatirazo, koma mu 2002 ndi 2004 mgwirizano umenewu sunaonekenso. Tanthauzo lake n'lakuti bodi ikhoza kugwa chifukwa cha buku limodzi kapena dzina la sukulu, pamene ina imene ana ake akhala zaka khumi osadziwa kuwerenga bwino imabwerera pampando popanda wofunsa.

Kuyambira mu 2021 mikangano ya m'madera inalowereredwa ndi ndale za dziko lonse. Nkhani za mamasiki, za kaphunzitsidwe ka mbiri ya tsankho ndi za ana osintha kukhala mwamuna kapena mkazi zinabala magulu monga Moms for Liberty, lomwe linayambira ku Florida chaka chimenecho, ndipo bungwe la mabodi a sukulu la dziko lonse litalembera Pulezidenti Joe Biden mu Sepitembala kupempha chitetezo ndi kufanizira ziopsezo zina ndi uchigawenga, makolo ambiri anamva ngati akunenedwa iwo, moti bungwelo linapepesa ndipo nthambi zake zambiri za m'zigawo zinatulukamo. Glenn Youngkin anapambana ubwanamkubwa wa Virginia mu Novembala 2021 atakweza kwambiri nkhani ya ufulu wa makolo. Koma mkwiyo sunakhale wa mbali imodzi, pakuti mu Novembala 2023 ovota a ku Central Bucks, ku Pennsylvania, anachotsa ulamuliro m'manja mwa gulu limene linakhwimitsa malamulo a mabuku a m'laibulale, monga mmene a ku Jefferson County ku Colorado anachotsera mamembala atatu a mbali yomweyo mu 2015. Zitsanzozi zikusonyeza kuti bodi imene yalowa ndi mkwiyo n'kuyamba kuthamangitsa zofuna za gulu lake lokha imautsa mkwiyo wa mbali inayo pa chisankho chotsatira.

Njira zina zimene zayesedwa

Kumene mabodi aoneka olephera, mayankho awiri ndi amene ayesedwa kwambiri. Loyamba ndi kupereka sukulu m'manja mwa meya, poganiza kuti munthu mmodzi wodziwika ndi onse ndi wosavuta kumuimba mlandu kusiyana ndi anthu asanu ndi awiri osadziwika. Boston inachita zimenezi kuyambira mu 1992, Chicago mu 1995 pansi pa Richard M. Daley, ndi New York mu 2002 pansi pa Michael Bloomberg. Lachiwiri ndi lakuti boma la chigawo lilande dera lonse, monga Texas inachitira ku Houston mu 2023, pamene inaika mamembala ake m'malo mwa osankhidwa ndi kupereka utsogoleri kwa Mike Miles. M'malo onsewa mkwiyo sunathe, unangofuna khomo lina. Mu 2021 ovota a ku Boston pafupifupi anayi mwa asanu alionse ananena kuti akufuna komiti yosankhidwa ibwerere, ngakhale kuti meya Michelle Wu anakana kusainira kusinthako mu 2023. Ku Houston ovota anakana mu Novembala 2024 ngongole ya madola 4.4 biliyoni yokonzera nyumba za sukulu, ndipo ambiri ankanena poyera kuti sangapereke ndalama kwa anthu amene sanawasankhe. Ku Chicago chilonda cha mu 2013 chinakankhira aphungu a Illinois kukhazikitsa mu 2021 lamulo lakuti bodi izisankhidwa ndi anthu, ndipo mu Novembala 2024 anthu anasankha mamembala 10 a bodi ya mipando 21, ena onse n'kuikidwa ndi meya mpaka bodi yonse idzakhale yosankhidwa.

Zimenezi zikusonyeza kuti anthu amene amakwiyira bodi yawo safuna kuti mphamvu yoisankha ichotsedwe, ndipo akaichotseredwa amaimenyera. Chimene chimapangitsa kuti chisankho chisakwaniritse zimene anayembekezera n'chakuti ovota ndi ochepa ndipo si onse amene sukulu ikuwakhudza, komanso kuti zambiri zowawitsa mtima, monga kagawidwe ka ndalama, kukwera kwa ngongole za penshoni ndi kuchepa kwa ana obadwa, zimagamulidwa ku nyumba ya malamulo ya chigawo kapena sizigamulidwa ndi aliyense. Pa vuto loyambalo pali njira yoyesedwa, pakuti California inakhazikitsa mu 2015 lamulo lokakamiza madera a ovota ochepa kusamutsira zisankho zawo ku tsiku la zisankho zazikulu, ndipo San Francisco inavomereza mu 2016 kuti makolo amene si nzika azivota nawo posankha bodi. Pa vuto lachiwiri, wopikisana aliyense ayenera kufunsidwa kuti mwa zimene akulonjeza ndi ziti zili m'mphamvu ya bodi, ndi kuti ndalama zake adzazichotsa pa chiyani, chifukwa wolonjeza kutsitsa msonkho, kukweza malipiro a aphunzitsi ndi kusatseka sukulu iliyonse m'dera limene ana akuchepa adzakhala iye mwini wokwiyiridwa chisankho china chikamadzafika.